Chithunzi cha Mzime Ali Yekha

Amayi ananena mawuwo Mzime akuwapukuta kumsana.

"Ndikufuna ndikuoneni nonse pamodzi, ana anga, maso ndikadali nawo."

Chigwereni chawo m'bafa muja, mbali yakumanzere itafa, mawu a Amayi ankatuluka ngati akudutsa m'madzi. Alendo ankangogwedeza mutu osamva kanthu. Mzime yekha ndiye ankamva zonse, ngakhale zimene Amayi sanamalize kunena. Iye ndiye anali wotsiriza kubadwa, dzinalo linangomukanirira mpaka kukula, ndipo poti analibe banja pa nthawi ya kugwako, abale ake anagwirizana kuti akhale ndi Amayi pang'ono kaye. Mvula inagwa, inatha, inabweranso kangapo, koma pang'ono uja anali asanathe.

Masana, Amayi atagona, Mzime anaimbira Achimwene ake. Iwo ankagwira ntchito ya makompyuta mu mzinda, ulendo wa theka la tsiku pa basi. Achemwali anali kunja kwa dziko, kumene mapepala obwerera kwawo sankatuluka.

"Amayi akuti akufuna atione tonse pamodzi."

"Zosavuta zimenezo," anatero Achimwene. "Masiku ano sipafunika kukwera basi. Pali pulogalamu ya pa kompyuta imene umaiphunzitsa nkhope za anthu. Umaipatsa zithunzi zambiri za munthu aliyense, n'kuiuza kuti uyu ndi uje, uyu ndi uje. Ikaphunzira imajambula yokha chithunzi chatsopano, tonse anayi tili pamalo amodzi ngati tinalidi limodzi. Ndiiphunzitsa tonse nthawi imodzi. Iwe ungonditumizira zako ndi za Amayi."

"Sindikukhulupirira kuti Amayi amanena chithunzi."

"Nanga amanena chiyani? Tichikulitsa, tichipachike pakhoma, aziona ana awo m'mawa ndi madzulo."

"Achimwene, palinso nkhani yanga ija."

Nkhani yake inali ya a Telala a kumsika, mayi amene anamuphunzitsa kusoka Amayi asanagwe. M'shopu mwawo munali makina osokera amene analibe munthu, ndipo anamuuza Mzime kuti amusungira malowo mpaka kutha kwa mwezi. Kupitirira apo atenga wina. Chimene Mzime ankafuna chinali chimodzi basi: papezeke munthu wokhala ndi Amayi masana, kapena Achimwene awatenge akakhale nawo kwa kanthawi.

"Tikamba, mwanawe, tikamba. Timalize kaye chithunzichi."

Mzime anakhala pa mpando wa m'mbali mwa bedi n'kuyamba kufufuza m'foni. Zithunzi zinalimo zambiri, chifukwa Achemwali ankafuna kuona Amayi sabata iliyonse. Koma zonse zinali za mtundu umodzi. Pena Mzime watambasula mkono ndi foni, tsaya lake litagunda tsaya la Amayi. Pena a neba ndiwo ajambula, Amayi ali pa chikuku cha odwala, Mzime ali kumbuyo atagwira zogwirira. Ndipo mu zonsezo Mzime anali atavala madiresi a Amayi ndi mipango yawo. Zovala zake zinali zitatha ndi phala komanso mankhwala otayikira, pomwe za Amayi zinkangokhala m'sutikesi, zabwinobwino, ndipo zinkamukwana. Anatumiza zonse.

Yankho linabwera patapita masiku angapo, Mzime akuwamwetsa tiyi Amayi. Chithunzicho chinali chokongola ndithu. Panali chipinda chochezera chachikulu chimene palibe mmodzi wa iwo analowamo. Achimwene anali kumanja, mimba yochepetsedwako pang'ono. Achemwali anali kumanzere, akumwetulira ngati kale. Pakati panakhala Amayi. Kumbuyo kwawo kunaima Amayi enanso, ocheperako zaka, atamanga mpango womwewo, pakamwa patapendekera kumanzere.

Mawu a Achemwali anafika pa foni akuseka mpaka kutsamwa. "Iii, Achimwene, mwatipatsa amayi awiri! Mmodzi yemwe tikulephera kumusamala, awiri titani nawo?"

"Ndione," anatero Amayi.

Mzime anawaonetsa. Amayi anayang'ana nthawi yaitali ndi diso lawo labwino lija.

"Wayimirirayu ndani? Mng'ono wanga?"

"Akuti ndine, Amayi."

"Aaa. Wakalamba liti?"

Anaseka onse awiri. Koma atatuluka kukatsuka kapu, Mzime anazindikira kuti wagwira pakona pa milomo yake ndi chala chonyowa, ngati akufuna kupakweza.

Achimwene anaimba madzulo, mawu awo ali ndi chimwemwe cha munthu amene wapeza pamene pakudontha denga.

"Vuto ndalipeza. Ukaiphunzitsa anthu angapo nthawi imodzi, aliyense amafunika asiyane ndi mnzake. Tsono iwe ndi Amayi muli pa chithunzi chilichonse limodzi, zovala zofanana, mipango yofanana, mphuno nayonso imodzimodzi. Pulogalamu yasokonezeka, yakuphatikizani. Ndiwadula Amayi pa zithunzi zako, utsale wekha, ndiiphunzitsenso."

"Nanga za a Telala zija?"

"Sindinaiwale. Ndikuganizira."

Chithunzi chachiwiri chinali ndi nkhope ya Mzime, yake yeniyeni, ndi kachipsera ka pachibwano komwe. Koma Mzime wa pa chithunziyo anali atawerama, manja onse atatsogoza kutsogolo, zala zitapindika kugwira mphepo. Achimwene anayesa kuiuza pulogalamu kuti imujambule ali yekha m'munda wa maluwa. Inamujambula, koma pamimba pake panatulukira nsonga ya mutu wa imvi. Anayesa kuti akhale pa mpando. Anakhala, koma paphewa pake panagona dzanja lamakwinya lopanda mwini wake.

Ulendo uno Achemwali sanaseke. Anangolemba kuti, "Chotsani zimenezo, zikundichititsa mantha."

"Kudula sikukuthandiza," anatero Achimwene. "Pulogalamuyi sinakuonepo uli wekha. Imayesa kuti Amayi ndi mbali ya thupi lako. Pakufunika zithunzi zatsopano. Uvale zovala zako, zosiyanasiyana, upite malo osiyanasiyana. Kumsika, kumsewu, pamlatho paja, kulikonse kowala."

"Amayi ndiwasiyira ndani?"

"A neba."

"A neba amachoka m'mawa, amabwera dzuwa litalowa."

"Ndiye jambula pakhomo pompo, koma uzisintha malo."

Pakhomo panalibe malo ambiri oti n'kusintha. Panali khonde, chingwe choyanikapo zovala, ndi khoma la njerwa lozungulira nyumba. Mzime anapeza bulauzi yake imodzi imene inali isanathimbirire, ndi siketi imene inkamuthina m'chiuno. Anatsamiritsa foni pa njerwa, n'kuitchera kuti ijambule yokha, kenako n'kuthamanga kukaima. Foni isanajambule, mawu anatuluka pa windo.

"Mzime!"

Anatembenuka. Chithunzi chinatuluka khutu ndi tsitsi.

Analowa, anawakonzera pilo, anatuluka, anatcheranso.

"Mzime, ukuyankhula ndi ndani kunjako?"

"Palibe, Amayi. Ndikujambula."

"Wekha? Anthu aziti wapenga."

Masana atatu otsatizana anachita zomwezo, nthawi imene Amayi ankati agona koma asanagone. Pa zithunzi zimene zinaoneka bwino, maso ake sanali pa foni. Anali pambali, cha ku windo. Anatumiza zomwezo.

Chithunzi chachitatu chinamuwongola msana, dzanja lija linachoka. Onse anayi anakhala pa sofa m'chipinda chokongola chija. Koma kumbuyo kwa Mzime yekha, makatani anathera panjira, ndipo panamera khoma la njerwa, chingwe cha zovala chikutulukira kuseri kwa khutu lake.

"Tsopano yaphunzira khoma!" Achimwene anakuwa pa foni. "Ndinati malo osiyanasiyana, iwe!"

"Malo amene ndili nawo ndi amenewo, Achimwene."

Achimwene anali munthu wosafuna kugonja ndi chinthu cha pa kompyuta, ndipo anali atauza kale anzawo a kuntchito za chithunzichi.

"Chabwino. Loweruka ndikubwera ndi alamu ako. Iwo akhala ndi Amayi, ine ndi iwe tizungulira, ndikujambule ndekha."

Loweruka limenelo linali lomaliza m'mweziwo. Mzime anaika foni pansi mosamala, ngati ingasinthe maganizo.

Achimwene ndi Alamu anafika dzuwa litakwera. Amayi atamva mawu a mwana wawo wamwamuna pakhonde, anayesa kudzuka okha, chinthu chimene anali asanayesepo chaka chonse. Achimwene anagwada pambali pa bedi, Amayi n'kuwagwira khutu ndi dzanja labwino lija, kulikoka ngati la mwana woba shuga.

"Wanenepa," anatero Amayi.

"Akuti chiyani?" Achimwene anafunsa Mzime.

"Akuti mukuoneka bwino."

"Sindinatero," anatero Amayi, ndipo zimenezi aliyense anazimva.

Alamu anali munthu wabwino mtima, wa zikhadabo zazitali zopaka utoto. Anabweretsa madiresi awo m'chikwama kuti Mzime azisinthira m'njira. Mzime anawaonetsa pamene pali kapu ya Amayi, beseni, nsalu zosinthira, ndi mmene amawatembenuzira.

"Musadandaule, alamu," anatero iwo. "Ndinalerapo ana ine. Pitani mukapume mphepo."

"Tiye, Mzime, dzuwa lisanapendeke," anatero Achimwene. "Basi yomaliza sitikufuna itisiye."

Kunja kwa geti Mzime sanadziwe chochita ndi manja ake. Msewu womwewo ankaudutsa popita kuchipatala, koma nthawi zonse akukankha chikuku, maso ali pa maenje. Lero anaona kuti nyumba ya pakona yasintha utoto, ndipo mtengo umene unali pafupi ndi mpope anaudula kalekale, chitsa chinachita kuda.

"Ima apo. Wongoka. Tsitsa manja, iwe, ukugwira chiyani? Yang'ana kuno, osati kunyumba."

Anamujambula pamlatho atavala diresi yofiira. Anasinthira kuseri kwa golosale, n'kujambulidwa pa siteji ya basi atavala yobiriwira. Anyamata onyamula katundu anaimba mluzu.

"Achemwali, mukupita ku ukwati? Titengeni!"

"Mukanasamba kaye," anayankha Mzime, ndipo anadabwa kumva mawu ake akutuluka mokweza chonchi.

"Eya, seka choncho!" anatero Achimwene. "Imeneyo ndiye nkhope imene ndimafuna."

Akuyenda kulowera kumsika, Mzime anayambanso.

"Achimwene, mwezi ukutha mawa."

"Ndikudziwa. Koma taganiza, kwathu kuli masitepe, chikuku sichingakwere. Alamu akonso amagwira ntchito. Munthu wolemba ntchito, Amayi sangamulole, ukuwadziwa. Iweyo ndiye umawamva. Tidikire Achemwali mapepala awo atuluke, tikhale pansi tonse."

"Atuluka liti?"

"Ima pafupi ndi matimatiwo, mitundu yake ndi yabwino."

Shopu ya a Telala inali kumapeto kwa mzere wa ogulitsa nsalu, kachipinda kopapatiza kodzaza fungo la mafuta a makina ndi nsalu yatsopano. Mzime sananene kuti alowemo. Miyendo inangomufikitsa pakhomo. A Telala anatukula mutu, singano ili pakamwa, n'kuilavulira m'dzanja.

"Iii, akufa adzuka! Diresi imeneyi wabwereka kwa ndani? M'khwapamu ikukuthina."

"Ndi ya alamu anga. Awa ndi Achimwene."

"Ndinu amene mumakhala kutali inu? Takulandirani. Ndiye mwabwera kudzam'masula mwanayu?"

Achimwene anaseka mwaulemu, maso ali pa makina a pakona, amene anafunditsidwa nsalu. Kuwala kwa pa windo kunkagwera pomwepo.

"Malo abwino awa. Mayi, mungatilole akhale apo pang'ono? Angoyerekeza ngati akusoka, ndimujambule."

"Pano sitiyerekeza, bambo," anatero a Telala. Anavundukula makinawo, n'kuponya siketi ya sukulu pamiyendo pa Mzime. "Mpendero wam'munsiwo. Ndapinda kale."

Mzime anakhala. Mpando unali womwe uja, wa mwendo umodzi waufupi. Analowetsa ulusi, anatsitsa kaphazi kopanira nsalu, n'kuponda. Makina anayamba mokakamira, kenako anagwira liwiro lake. Phewa lake, limene linkakhala lokwera ngati likudikira kuitanidwa, linatsika lokha.

Achimwene anajambula kutsogolo, anajambula m'mbali, anakwera pa sitepe n'kujambula chapamwamba.

"Basi, zakwana. Tiye, patsala kubwalo la mpira ndi kusitolo ya mabuku."

Mzime anapitiriza kuponda.

Foni ya Achimwene inalira. Anayankha, ndipo mawu a Alamu anamveka shopu yonse.

"Bwerani msanga! Amayi adzionongera, ndiye ndimati ndiwasinthe koma akukana. Akundimenya ndi dzanja labwinoli. Akulira, akungoitana Mzime. Zina akunenazi sindikuzimva."

Phazi la Mzime linaima lokha. Ankadziwa mmene Amayi akuonekera nthawi imeneyo, nkhope atatembenuzira kukhoma chifukwa cha manyazi, dzanja litakakamira bulangete. Ankadziwa kuti akachedwa khungu la kumsana liyamba kufiira. Thupi lake linali litadzuka kale theka, diresi ya Alamu itakoka m'khwapa.

"Mpenderowo uli pakati," anatero a Telala, osakweza mawu, osamuyang'ana. "Mwini wake abwera madzulo ano."

"Tiye, Mzime," anatero Achimwene.

Mzime anayang'ana siketi ija. Singano inali itaima m'kati mwa nsalu. Anakhalanso pansi pang'onopang'ono.

"Pitani inuyo, Achimwene. Ine ndibwera ndikamaliza."

"Ine? Sakufuna ine, akufuna iwe."

"Sanakuyesenipo."

"Ndine mwamuna, mwanawe. Ndi mayi anga amenewo."

"Inuyo muwagwire, alamu awapukute. Muziwayankhula, musakhale chete. Akakutukwanani ndiye kuti zayamba kuyenda."

"Mzime, usandichititse manyazi pa anthu."

"Anthu ake ndi ine ndekha," anatero a Telala, "ndipo ine ndine wogontha."

Achimwene anaima pakhomo, chikwama cha madiresi chili paphewa, foni ikuliranso m'dzanja. Anayang'ana mlongo wawo ngati akufuna kumuuza kuti awongoke kapena atsitse manja, koma panalibe choti akonze. Kenako anatembenuka, n'kuyamba kuyenda mofulumira pakati pa ogulitsa nsalu, foni ili kukhutu.

Mzime anaponda. Msoko unayamba kupita kumbali. Khutu lake linali likumvetserabe, ngakhale kuti kuchokera kumsika kufika kunyumba palibe mawu amene akanafika. Foni yake inalira m'thumba. Anaisiya. Inaleka, inayambanso. Anaitulutsa, anaona kuti ndi Alamu, n'kuiika chafufumimba pa thebulo, koma dzanja silinachoke pamenepo mpaka italeka.

A Telala anabwera kudzaima kumbuyo kwake. Anatenga siketiyo, anaiyang'ana pa kuwala.

"Wakhota. Njoka yadutsa apa. Phwasula."

Mzime anatenga kalumo n'kuyamba kudula ulusi, msoko umodziumodzi. Ankadziwa kuti dzuwa likapendeka Achimwene ndi Alamu athamangira basi yawo, zithunzi zili m'foni, ndipo iye adzapeza beseni likumudikira, Amayi atakwiya osafuna kumuyang'ana. Ankadziwanso kuti lero, kamodzi kokha, Achimwene amva kulemera kwa mayi awo m'manja mwawo. Ngati zimenezo zisintha kanthu, iye sankadziwa.

"Nanga Lolemba?" anafunsa a Telala. "Ndikuyembekezere, kapena ndimuuze mtsikana uja abwere?"

Mzime anachotsa timaulusi totsalira pa nsalu, anawongola mpendero ndi chikhatho, n'kuulowetsanso pansi pa singano.

"Ndimalize kaye iyi," anatero.